Kamera yaikulu ikutsika mtengo kuposa yam'thumba: kodi pali chinyengo?

FUNSO



Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakhala ku Dedza. Ndimajambula zithunzi ndi foni pa zinkhoswe, pa maukwati ndi pa zochitika za kutchalitchi kwathu, ndipo anthu ayamba kumandipatsa kangachepe. Tsopano ndikufuna kamera yeniyeni. Ndinatuma achimwene anga omwe ali ku Johannesburg kuti andifunsire mitengo. Andiuza kuti kamera yaikulu ya Nikon D3500, yogwirapo kale ntchito, pamodzi ndi lenzi yake, ikutsika mtengo kuposa kakamera kam'thumba ka Canon G7 X. Zimenezi zandizunguza mutu, chifukwa ine ndimadziwa kuti kamera zikuluzikulu ndi za anthu andalama. Kodi sakufuna kuwagulitsa chinthu chakufa? Nanga ndigule iti? Ndalamazi ndazisonkhanitsa movutikira kubanki mkhonde, sindikufuna kuti zilowe m'madzi.

Mayi wa ku Dedza

YANKHO

Mayi, mtima ukhale m'malo. Zimene achimwene anuwo akuuzani ndi mmene msika wa makamera ulili masiku ano.

Maganizo oti kamera yaikulu ndi ya anthu andalama anali oona kale. Kamera zimenezi, zomwe ojambula amazitcha DSLR, zili ndi kalilole mkati ndipo lenzi yake imachotsedwa n'kuikapo ina. Mu 1999 Nikon D1 inkagulidwa ndi ndalama zoposa madola 5,000 a ku America, kotero ankazigwira ndi atolankhani ndi akatswiri okha. Zinthu zidatembenuka mu 2003 pamene kampani ya Canon idatulutsa EOS 300D pa mtengo wa madola 999 ndi lenzi yomwe. Nikon idayankha ndi D70 mu 2004, kenako D40 mu 2006 pa madola 599. Pofika 2018, D3500 imene mukuifunsayo idatuluka pa mtengo wa madola pafupifupi 500 ili yatsopano. Makampaniwa ankalimbirana makasitomala, ndipo ankadziwa kuti munthu akagula kamera yawo adzabweranso kudzagula malenzi awo. Phindu lalikulu ankaliyembekezera kumeneko.

Makamera am'thumba adayenda njira ina. Mu 2010 makampani a ku Japan adatumiza pamsika makamera oposa 120 miliyoni, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono. Pofika 2023 chiwerengerochi chinali chisakufikanso 8 miliyoni, chifukwa ntchito ya kakamera kotchipa idalandidwa ndi foni, monga mmene inuyo mwakhala mukuchitira. Opanga adasiya timakamera tambiri totchipa n'kulimbikira tapamwamba. Sony RX100 idayamba pa madola pafupifupi 650 mu 2012, ndipo Fujifilm X100VI ya mu 2024 idafika pa madola 1,599. Canon G7 X nayo idatchuka kwambiri ndi achinyamata a pa TikTok ndi YouTube mpaka kumasowa m'masitolo, ndiye mtengo wake sutsika ngakhale ikhale yakale.

Chifukwa china n'chakuti Canon ndi Nikon adatembenukira ku makamera opanda kalilole. Ojambula ambiri a kumaiko olemera akugulitsa ma DSLR awo kuti agule atsopanowo, ndipo katundu akachuluka pamsika mtengo umagwa. Kamerayo sidafe, yangosiyidwa ndi fashoni.

Tsono pa ntchito yanu, ine ndikuti tengani yaikuluyo. Chimene chimapanga chithunzi ndi sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera. Sensa ya D3500 ndi ya mamilimita pafupifupi 23 m'litali ndi 15 m'lifupi. Ya G7 X ndi 13 ndi 9, pamene ya timakamera wamba tam'thumba ndi 6 ndi 4.5 basi. Mvula ikamagwa, wotchera ndi beseni amapeza madzi ambiri kuposa wotchera ndi kapu. N'chimodzimodzi ndi kuwala. M'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, kapena pa chinkhoswe chimene chachedwa mpaka dzuwa kupendeka, sensa yaikulu imatulutsa nkhope zooneka bwino pamene yaing'ono imadzaza chithunzi ndi timadontho. Musatengeke ndi chiwerengero cha ma megapixel cholembedwa pa katoni. Kukula kwa sensa n'kofunika kuposa chiwerengerocho.

Palinso batire. Ya D3500 imatha kujambula zithunzi zoposa 1,500 isanathe, pamene ya kakamera kam'thumba kawirikawiri imathera pa 200 kapena 300. Kwathu kuno kumene magetsi amazimazima, nkhani imeneyi si yaing'ono. Ukwati sudikira kuti mutchaje batire. Komanso DSLR imagwira chithunzi nthawi yomweyo mwadina, ndiye mkwatibwi akamavina polowa m'holo simumuphonya.

Koma mtengo wa kamera si mapeto a ndalama zotuluka. Lenzi imene imabwera ndi kamerayi, ya 18-55mm, ndi yoyambira. Imachita bwino panja masana koma imafooka mumdima. Mukapeza kangachepe, onjezani lenzi ya 35mm kapena 50mm yolembedwa f/1.8. Imeneyo imalowetsa kuwala kochuluka ndipo imachititsa kuti munthu aoneke bwino kumbuyo kwake kuli mbuu, zimene makasitomala amazikonda. Chenjerani pogula: D3500 ilibe injini yoyendetsa malenzi akale, choncho sankhani olembedwa AF-S kapena AF-P, apo ayi muzidzapotokola nokha ndi dzanja. Mudzafunanso batire yachiwiri, memore khadi ziwiri, fulashi ndi chikwama. Musathere ndalama zonse pa kamera yokha.

Kumbukiraninso kuti kutsika mtengo kumene tikunenaku n'kwa m'madola ndi m'marandi. Kwacha yathu idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wochokera kunja amalipiridwa msonkho pachipata. Funsani ku MRA za msonkhowo kamera isananyamuke ku Johannesburg, kuti muwerengere zonse pamodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Achimwene anuwo asalipire asanaone zinthu izi. Choyamba, afunse kuti kamerayo yajambula zithunzi zingati chiigulireni. Shata (kachitseko kam'kati kamene kamatseguka mukadina) ya makamera oyambira amaipanga kuti ifike pa zithunzi pafupifupi 100,000, ndiye imene yayandikira pamenepo aisiye. Chachiwiri, achotse lenzi n'kuiunika ndi tochi. Akaona timizere tonga ulusi mkati mwa galasi, imeneyo ndi nguwi ndipo kuichotsa n'kodula. Chachitatu, ajambule khoma loyera kapena thambo, aone ngati pachithunzi pali madontho osasuntha. Ayese mabatani onse, fulashi ndi polowetsa khadi, ndipo tchaja ikhalepo. Ndi bwino kugula m'sitolo yopereka lisiti ndi chitsimikizo cha miyezi ingapo kusiyana ndi kugula kwa munthu wapamsewu, chifukwa makamera obedwa nawonso amatsika mtengo.

Ikafika m'manja mwanu, isamaleni ku fumbi. Musasinthe lenzi pabwalo pamene anthu akuvina m'chilimwe, lowani m'nyumba kapena m'galimoto. Nthawi ya dzinja musaisunge m'chikwama chonyowa, poti chinyezi n'chimene chimabala nguwi.

Kakamera kam'thumba kali ndi ubwino wake: n'kopepuka, sikaopsa anthu, ndipo n'koyenera munthu wapaulendo kapena wojambula makanema a pa intaneti. Koma inu mukufuna chida chopezera ndalama. Ngati D3500 imeneyo yapambana mayeso amene ndatchulawa, auzeni achimwene anu agule. Mukailandira, phunzirani kuigwiritsa ntchito pojambula ana anu ndi kwaya ya kutchalitchi kwa milungu ingapo musanalandire ndalama ya ukwati wa munthu.

Mlangizi wanu