Kakitasi wolanda msipu: tiyankhe makalata anu

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina woweta nkhosa pa famu ku Eastern Cape, m'dziko la South Africa. Akuti: "Kuno nyengo yozizira madzi amachita kuundana, koma kakitasi waminga wadzaza busa lonse. Timamudula chaka ndi chaka, iye n'kumangochuluka. Kodi si chomera cha m'chipululu chimenechi?"

Katswiri: Zikomo bambo. Kakitasi kwawo ndi ku America, ndipo si mitundu yonse imene imaopa chisanu. Wina wotchedwa Opuntia humifusa amamera mpaka ku Ontario, m'dziko la Canada. Ku Valais, m'dziko la Switzerland, kakitasi akukwera m'mapiri chifukwa chipale chofewa chimene chinkamukwirira n'kumuoletsa sichikukhalitsanso ngati kale.

Koma vuto lanu lenileni, bambo, ndi chikwanjecho. Kachidutswa kalikonse kakagwa pansi kamatulutsa mizu, ndiye mukamadula n'kusiya pomwepo, mukumudzala. Kwanuko kulinso wina wamfupi, Opuntia aurantiaca, wochokera ku South America, amene timfundo take timathothoka msanga, n'kukanirira ku ubweya wa nkhosa ndi kukagwera kutali. Mitundu yobereka zipatso, anyani ndi mbalame ndi amene amamwaza njere zake. Ndipo kumene ziweto zadya udzu mpaka dothi kuonekera, kakitasi sapeza wolimbana naye. Muzuleni ndi mizu yomwe, muunjike pamodzi, mumukwirire m'dzenje lakuya. Osamutaya mumtsinje, chonde, madzi akamupereka kwa anzanu akumunsi.

Muulutsi: Mphunzitsi wina wa ku Dedza akufunsa: "Ndinamva kuti ku Australia anamugonjetsa ndi tizilombo. N'zoona?"

Katswiri: N'zoona, aphunzitsi. Pofika 1925 kakitasi anali atalanda mahekitala pafupifupi 24 miliyoni ku Queensland ndi New South Wales, malo oposa dziko la Malawi kawiri. Alimi ankathawa minda yawo, poti mtengo wothira mankhwala unkaposa mtengo wa munda womwewo. Mu 1926 anayamba kumwaza mazira a njenjete ya ku Argentina yotchedwa Cactoblastis cactorum. Mbozi zake zimaboola chomeracho n'kumadya m'kati mpaka chiole. Zaka khumi zisanathe, nkhalango zaminga zija zinali zitagwa, ndipo anthu a ku Boonarga anamanga holo yokumbukira kachilomboka, imene ilipo mpaka lero.

South Africa inaitenga njenjeteyi mu 1933, koma kumeneko sinachite zodabwitsa ngati ku Australia. Nyerere ndi anyani zinkaidya. Timene tinathandiza kwambiri ndi tizilombo ta cochineal, tija timaoneka ngati thonje loyera pa chomera, timene timayamwa madzi ake.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene ambiri saikamba. Njenjete yomweyi anaipititsa ku chilumba cha Nevis mu 1957, ndipo mu 1989 inapezeka ku Florida, kumene ikudya kakitasi wa komweko. Anthu a ku Mexico, amene kwa iwo kakitasi ndi ndiwo ndiponso chizindikiro cha pa mbendera, akuiopa kwambiri. N'chifukwa chake kachilombo kotere sikatulutsidwa akatswiri asanakayese zaka zingapo.

Muulutsi: Yomaliza ndi ya mayi wina wa ku Balaka: "Zipatso zake n'zokoma, ndipo ndikufuna ndidzale ngati mpanda. Ndalakwa?"

Katswiri: Kukoma n'kokomadi, mayi, ndipo mtundu wopanda minga alimi ambiri amadyetsa ng'ombe chilala chikavuta. Koma waminga ine sindingakulimbikitseni. Ku Laikipia, m'dziko la Kenya, anabwera ngati maluwa ndi mpanda, lero mbuzi zikudya zipatso zake, timinga tating'ono n'kuzitupitsa milomo ndi m'mimba mpaka kulephera kudya. Ngati mwatsimikiza, funsani alangizi a zaulimi akupezereni wopanda minga, ndipo mbande iliyonse yomera ndi minga muizule isanabereke.