Buledi akuchita nkhungu ku Chintheche: m'firiji kapena m'kabati?

FUNSO

Mayi wina wa ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, walembera tsamba lino atatopa ndi kutaya buledi. Ali ndi ana a sukulu omwe safuna kumva za tiyi wopanda chomwera, choncho Loweruka lililonse amagula malofu awiri pa golosale ina ya m'mbali mwa msewu wa M5, poganiza kuti afika nawo Lachitatu kapena Lachinayi. Koma nyengo ya mvula ikafika, Lachiwiri m'mawa amapeza jumbo itachita thukuta m'kati, buledi ali madontho obiriwira, pena ubweya woyera wa timitu takuda.

Amuna awo, omwe ali ku Joni, adatumiza firiji. Buledi atalowa m'menemo nkhungu idaleka, koma ana adayamba kunyinyirika kuti ndi wolimba, akungonyenyeka pomupaka majalini. Mwana wawo wamkulu wa ku Lilongwe adawauza pa foni kuti buledi salowa m'firiji. Apongozi awo nawo akuti kutaya lofu yonse chifukwa cha kadontho kamodzi ndi matama, angodula pomwe padapo, kwinako ana adye. Mayiwa akuwonjezera kuti tsiku lina buledi analibe nkhungu konse, koma ankanunkha ngati chinanazi chopsa kwambiri, ndipo m'kati munali monanda. Akufunsa kuti amvere ndani.

YANKHO

Mlangizi wa za chakudya yemwe amayankha makalata a tsamba lino akuti mwana wa ku Lilongweyo wanena zoona, kungoti ndi zoona zoyenera nyengo ya ku Lilongwe. Apongozi, ndi ulemu wonse, alakwitsa. Ndipo mayiwa akulimbana ndi mavuto awiri osiyana omwe akuwaona ngati limodzi: kugona kwa buledi ndi nkhungu. Chothamangitsa limodzi chimaitana linzake.

Ayambire pa kugona. Anthu ambiri amaganiza kuti buledi amalimba chifukwa madzi athawamo. Katswiri wa ku France, Jean-Baptiste Boussingault, adayesa zimenezi mu 1852. Adatsekera buledi m'chotengera chosatulutsa mpweya kuti asataye madzi, koma buledi uja adalimbabe, ndipo atamutenthetsanso adafewa. Chomwe chimachitika n'chakuti sitachi wa mu ufa wa tirigu amamwa madzi n'kufewa mu uvuni, ndiye buledi akazizira sitachi uja amayamba kudzimanganso pang'onopang'ono n'kumakankhira madziwo kunja. Mayi aliyense wa m'mudzi amazidziwa kale izi ngakhale sanamvepo za munthu wa ku France uja: nsima ikagona imasanduka mkute wolimba, koma kuuika pamoto umafewanso.

Kulimba kumeneku kumathamanga kwambiri pamalo pozizira koma posaundana, ndipo m'firiji, momwe mumakhala pafupifupi madigiri 4, ndi momwemo ndithu. Buledi wogona usiku umodzi m'firiji amalimba ngati wakhala masiku angapo m'kabati. Ana aja sakunama.

Nkhungu ndi nkhani ina. Njere zake, zosaoneka ndi maso, zimafa ndi moto wa mu uvuni, kotero buledi amatuluka alibe. Zimamupeza pambuyo pake: mu mpweya, m'manja, pa mpeni, pa nsalu yomwe wavindikiridwa. Kuti zimere zimafuna chinyezi ndi kutentha, makamaka madigiri 25 mpaka 30. Apa ndi pomwe Chintheche amasiyanirana ndi Lilongwe. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pomwe pali nyanja zamchere, pomwe Lilongwe ali pamwamba pa mamita 1,000, ndipo Mzuzu ali pamwamba kuposa apo. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri m'Malawi muno: pa chaka imaposa mamilimita 1,500, pomwe ku Lilongwe siifika 1,000, ndipo ku Nkhata Bay imagwabe mu Epulo kwina atayamba kale kukolola. N'chifukwa chake mitengo ya mphira ya ku Vizara ndi tiyi wa ku Kawalazi zimakondwa kumeneku. Nkhungu nayo imakondwa chimodzimodzi. Amayi oanika chinangwa cha kondowole mu Malichi amadziwa momwe chimaderera pa thandala dzuwa likabisala masiku awiri.

Onjezerani ulendo wa buledi yemweyo. Ngati wachokera ku Mzuzu, watsika phiri m'galimoto makilomita oposa 80, kenaka wakhala pa shelefu m'golosale ya malata. Kutentha kumatulutsa nthunzi m'buledi, popeza gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi madzi, ndipo nthunziyo imagwa mame m'kati mwa jumbo. Mlangiziyu akuti lofu ya thukuta chotero mayiwa aziisiya pa shelefu pomwepo, asankhe youma, ndipo aziyang'ana tsiku lomwe lalembedwa pa jumbo. Buledi wa ku fakitale nthawi zambiri amathiridwa mankhwala ololedwa otchedwa calcium propionate omwe amachedwetsa nkhungu. Kuchedwetsa kokha, osati kuletsa. Masikono ndi mabanzi ophikidwa pa msika kapena pakhomo kawirikawiri alibe mankhwalawa, n'chifukwa chake amayenera kudyedwa lero kapena mawa.

Tsono malofu awiri a Loweruka aja aziyenda njira ziwiri.

Yoyamba, yodya Lamlungu ndi Lolemba, isalowe m'firiji. Ikhale m'jumbo yake, yomanga bwino pakamwa, pamalo pozizirira ndi pa mthunzi. Isakhale pa windo, isakhale pafupi ndi mbaula, ndipo isakhale pamwamba pa firiji, pomwe makomo ambiri amaikapo buledi osadziwa kuti pamafunda ndi kutentha kwa makina. Wotenga silayisi asambe m'manja n'kupukuta, asapise dzanja lonyowa m'jumbo. Chifukwa cha nyerere ndi mphemvu, jumboyo ingalowe m'poto kapena m'chitini cha chivindikiro, koma chitinicho chizitsukidwa kamodzi pa sabata ndi madzi othira viniga pang'ono, n'kuchianika padzuwa mpaka kuuma gwa. Chitini chomwe mudachitirapo nkhungu chikapanda kutsukidwa chimapatsira lofu iliyonse yatsopano, ndipo mwina ndicho chikuvutitsa pakhomo pa mayiwa. Masikono otentha asamangidwe m'jumbo. Ayambe azizira pa lichero, kenaka akulungidwe ndi nsalu yoyera youma kapena pepala.

Yachiwiri ipite mu firiza, kachipinda ka pamwamba kaja komwe madzi amaundana, tsiku lomwelo yagulidwa, osati itayamba kale kugona. Pa madigiri 18 pansi pa ziro sitachi amaima pomwe ali ndipo nkhungu siimera. Mayiwa aigawe m'timagawo ta tsiku limodzilimodzi, masilayisi okwana tiyi wa m'mawa umodzi, kagawo kalikonse m'jumbo yakeyake atafinya mpweya. Kagawo kotulutsidwa pomwe madzi a tiyi akuterekedwa kamakhala katasungunuka ana asanamalize kusamba. Buledi wotere amatha mwezi ndi kupitirira ali bwino. Chenjezo la ku nyanja ndi lakuti buledi amatenga fungo la chilichonse chomwe wagona nacho, ndiye akhale patali ndi nsomba za batala kapena usipa wauwisi, pamwamba pake osati pansi, kuti madzi a nsomba asamudonthere.

Nanga magetsi a ESCOM akathima? Funsoli ndi lomveka kwa aliyense wokumbukira 2022, pomwe namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Firiza yaikulu yodzaza, ikapanda kutsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, ndipo ya theka maola 24. Kachipinda ka pamwamba pa firiji yaing'ono sikafika pamenepo. Mwayi wake, buledi si nsomba: kusungunuka sikumusandutsa choopsa. Chovuta ndi madzi omwe amatsalira m'jumbo. Magetsi akachedwa kuyaka, buledi atulutsidwe, asinthidwe jumbo, adyedwe m'masiku awiri.

Pa za firiji yeniyeniyo, mlangiziyu akusiyana maganizo ndi mwana wa ku Lilongwe. Lamulo lakuti buledi salowa m'firiji lidachokera ku mayiko ozizira, komwe lofu imatha masiku angapo pa tebulo nkhungu osaoneka. Ku Chintheche mu Febuluwale, ngati firiza yadzaza kapena siikuundanitsa, firiji ndi yabwino kuposa kabati. Buledi wolimba amadyeka, wa nkhungu ayi. Ndipo kulimbako kuli ndi mankhwala: buledi akafunda kufika madigiri pafupifupi 60 sitachi uja amamasukanso. Mayiwa aike masilayisi pa chiwaya chouma pa moto wa makala wofatsa, atembenuze kamodzi. Ngati ndi chibenthu chachikulu, achiwaze timadzi ndi zala, achivindikire m'poto kwa mphindi zochepa. Azitenthetsa okhawo odya nthawi yomweyo, chifukwa buledi wotenthetsedwa akazizira amalimba kuposa poyamba. M'miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, pomwe kunja kumazizira, lofu ingabwerere m'kabati.

Makomo ambiri a m'mbali mwa nyanja alibe magetsi, ndipo awa mlangiziyu akuwauza mwachidule: gulani wochepa. Lofu imodzi pakati pa mabanja awiri oyandikana, kapena masikono a tsikulo, zimaposa malofu awiri omwe imodzi ithera kudzala. Wotsala aumitsidwe dala. A ku Joni amawadziwa ma rusks, monga a Ouma omwe adayamba kuphikidwa ku Molteno mu 1939. Ndi buledi woumitsidwa mpaka kukhala wokhukhuta, wodya choviika mu tiyi. Pakhomo amatheka: masilayisi adulidwe mizeremizere, aikidwe pa chivindikiro cha poto pamwamba pa makala otsala nsima itaphikidwa, azitembenuzidwa mpaka atauma m'kati momwe. Akazizira alowe m'botolo louma lotseka bwino. Popanda madzi nkhungu siimera, ndipo amatha masabata. Koma woumitsayo akhale buledi wabwino, osati woyamba kale madontho.

Tsopano za apongozi. Mlangiziyu akuti akuwamvetsa. Pafupifupi tirigu yense wophikira buledi m'dziko muno amachokera kunja, kotero mtengo wa lofu umatsata dola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 buledi adasanduka chakudya chowerengera masilayisi. Kutaya lofu kumawawa. Komabe dontho lobiriwira looneka pamwambalo ndi duwa chabe. Nkhungu imakhala itatambasula kale timizu take toonda m'kati, ndipo buledi, pokhala wofewa ndi wa timabowo, amatilola kuyenda patali osaoneka. Bungwe la za ulimi la boma la America, USDA, limalola kudula malo oola pa zakudya zolimba monga kabichi ndi karoti, pochotsa masentimita awiri ndi theka kuzungulira dontholo, koma pa buledi limati atayidwe. Ngati silayisi imodzi ya m'jumbo yachita nkhungu, zinzake zalandira kale njere.

Mitundu ina ya nkhungu imatulutsa poizoni. Alimi amadziwa za chuku cha mu mtedza ndi chimanga, chomwe poizoni wake amaononga chiwindi. Si nkhungu iliyonse ya pa buledi yomwe ili ndi poizoni wotero, koma ndi maso munthu sangasiyanitse yoopsa ndi yosaopsa, ndipo kuwotcha pa chiwaya kumapha nkhungu osachotsa poizoni wake. Asanunkhizenso kuti atsimikize, chifukwa njere zake zimalowa m'chifuwa, zomwe zimavutitsa odwala mphumu. Munthu wamkulu wa thanzi akaluma kamodzi mwangozi, nthawi zambiri sipachitika kanthu. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba, odwala shuga ndi omwe chitetezo cha m'thupi chidatsika ndiwo oyenera kutetezedwa kwambiri. Mwana akasanza mobwereza, kutsegula m'mimba kapena kubanika atadya buledi wotere, apite naye ku chipatala cha Chintheche osadikira. Nkhuku nazo zisaponyeredwe buledi wa nkhungu. Akwiriridwe kudzala.

Buledi wa fungo la chinanazi uja ndi vuto lachitatu, ndipo silidayambire m'nyumba mwa mayiwa. Ophika buledi amalitcha rope. Limabwera ndi tizilombo ta mtundu wa Bacillus, makamaka Bacillus subtilis, tomwe timakhala m'nthaka n'kulowa mu ufa. Uvuni umatentha kuposa madigiri 200, koma pakati pa lofu sipapitirira madigiri 100, ndipo njere za tizilomboti zimapulumuka pamenepo. Lofu ikachedwa kuzizira, kapena ikasungidwa motentha ndi mwa chinyezi, zimadzuka m'tsiku limodzi kapena awiri n'kuyamba kugaya m'kati mwa buledi. Choyamba ndi fungo lotsekemera la chipatso chopsa kwambiri. Kenaka m'kati mumada pang'ono, mumamata, ndipo pobenthula pamatuluka timaulusi tonanda. Kunja lofu imaoneka yabwinobwino, n'chifukwa chake imanyenga. Buledi ameneyu asadyedwe ngakhale wowotcha.

Ophika pakhomo ndi pa msika amalipewa pothira viniga pang'ono m'ufa wokanda, popeza tizilomboti sitikonda zowawasa, potsuka mabeseni ndi matebulo ndi madzi a viniga, komanso poziziritsa masikono msanga pamalo popita mphepo. Mayiwa akakumana nayenso buledi wotere, abwerere naye ku golosale pamodzi ndi jumbo yake kuti mwini wake auze omwe amamubweretsera. Zikabwerezabwereza, adziwitse alangizi a zaumoyo a m'deralo, omwe ntchito yawo ina ndi kuyendera malo ogulitsira zakudya, kapena a Malawi Bureau of Standards, omwe ali ndi ofesi ku Mzuzu. Jumboyo asaitaye, chifukwa dzina la fakitale ndi tsiku lolembedwapo ndizo zomwe adzayambe kufunsa.