Pakhonde pa Azakhali: Nyimbo Ikulira Paliponse, M'thumba Muli Mbee

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Senga Bay. Masana ndimakonza injini za maboti, usiku ndimayimba. Nyimbo yanga yatsopano ikulira m'mabala a pa Kamuzu Road, m'maminibasi, ngakhale amayi oyanika usipa pa doko akuyiyimba. Ndinalipira kampani ina yakunja kuti indiikire nyimboyo pa intaneti, koma patha miyezi isanu ndi itatu ndipo ndalama yomwe yalowa siyikwana ndi bandulo ya sabata yomwe. Chibwenzi changa chayamba kunditcha "selebu wa ngongole". Kodi andilodza, kapena akundibera?

Wotchuka wosauka, Senga Bay

Mwana wanga,

Mfiti uzisiye zigone, zili ndi ntchito zina. Amene akukudyerayo ndamudziwa, umamuona pagalasi m'mawa uliwonse ukamakonza tsitsi lija.

Undiyankhe bwinobwino: amayi a pa dokowo nyimboyo anaipeza bwanji? Si iwe amene unaimwaza pa WhatsApp, gulu ndi gulu, n'kupatsanso anyamata oburna nyimbo kumsika kuti aziika m'mamemore? Wagawa nsomba yonse ulele, kenako ukukhala pa mchenga kudabwa kuti ogula sakubwera. Nyimbo ikalira pa memore, ngakhale kuyambira m'mawa mpaka tambala woyamba, Spotify ndi Boomplay sadziwa kanthu. Iwo amawerenga zolira pakhomo pawo basi. Uzitumiza linki, fayilo usunge.

Ndipo ndalama za kumeneko usamaziyese ngati mtengo wa chambo, chimodzi mwakuti. Poti ndiwe wa kunyanja, uganize za chilimira. Boti likafika pa doko nsomba zimagulitsidwa, mafuta amachotsedwa, mwini khoka atenga gawo lake, zotsalazo alovi n'kugawana. Kumenekonso n'chimodzimodzi. Spotify, yomwe inafika kuno ku Malawi mu 2021, imasonkhanitsa ndalama za olipira mwezi ndi mwezi ndi za otsatsa malonda m'dziko lililonse, imadula zake, zotsalazo n'kugawa molingana ndi kuchuluka kwa maulendo omwe nyimbo yamveredwa. Boti la Malawi ndi laling'ono: olipira ndi ochepa, bandulo ndi yodula. Msuweni wako wa ku Johannesburg kapena nesi wa kwathu ali ku Leeds akamvera nyimbo yako, iwe ukugawana nawo nsomba za boti lalikulu. Choncho anthu akwathu ali kunjawo uwasake ngati mmene umasakira nambala za atsikana. Usatsutse, amayi ako amandiuza zonse.

Pali timalamulo tiwiri ta pa Spotify tomwe oyimba ambiri amapunthwapo. Munthu akasiya nyimbo masekondi 30 asanakwane, siyiwerengedwa. Ndiye iwe ukamayamba ndi mphindi yathunthu yotchula dzina lako, la pulodyusa, la mudzi ndi la agogo ako, womvera wadumpha kale. Kachiwiri, kuyambira mu 2024 nyimbo yomwe sinamveredwe maulendo 1,000 m'miyezi 12 siyilandira kanthu pa gawo la chojambulidwacho. Bola nyimbo imodzi yoikankha ndi mphamvu kusiyana ndi khumi zomwe zikumveredwa ndi iwe wekha ndi mng'ono wako. Wina akadzakunong'oneza kuti umupatse kenakake akuchulukitsire manambala, umuthawe ngati ng'ona. Makina ochulukitsa manambalawo amagwidwa, nyimbo imachotsedwa.

Tsopano ndifike pomwe pakundiwawa. M'kalata yako yonse sindinaonemo mawu akuti COSOMA. Nyimbo imodzi ili ndi minda iwiri, mwana wanga. Wina ndi wa mawu ndi chuni chomwe unapeka, wina ndi wa chojambulidwa chomwe chinatuluka mu studio. Makampani onga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby amakolola makamaka munda wachiwiriwo, pokhapokha utawapatsanso padera ntchito ya woyambawo. COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso lomwe lakhalapo kuyambira 1992, ndi lomwe limatolera kwa mawayilesi, mahotela ndi mabala, komanso limagawa ndalama za msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo monga mafulashi. Ona nanga, mamemore omwe akukuliza aja alinso ndi kakhomo kobwezera pang'ono, koma kwa wolembetsa yekha. Ku Lilongwe komwe kuli ofesi yawo si kutali, minibasi imapita n'kubwerera tsiku lomwelo. Nsapato zoyera zija unakazigula kuti?

Usanapite, ukhale pansi ndi pulodyusa wako mulembe papepala kuti pa 100 aliyense ali ndi zingati, musainirane. Panopa mukuseka limodzi chifukwa mphika uli wopanda kanthu. Ngati biti unangoitola pa YouTube, mwini wake ali moyo, ndipo makina a Content ID adzatumiza ndalamazo kwa iyeyo iwe ukuvina. Usungenso nambala ya ISRC ya nyimbo iliyonse, ndi chiphaso chake ukafuna kusamukira ku kampani ina. Dzina lako ulilembe mofanana paliponse, osati lero ndi "z" atatu, mawa ndi awiri.

Usanene kuti zamapepalazi uchita ukadzatchuka zenizeni. Agogo a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anali atadutsa zaka 90 pomwe nyimbo yawo ya "Linny Hoo" inagwedeza TikTok dziko lonse lapansi mu 2021. Nyimbo siyiuza mwini wake tsiku lomwe idzaphulike.

Pakali pano sipanala usataye. Za pa intanetizi zimadontha ngati denga la udzu, pomwe hotela ya m'mphepete mwa nyanja ikakuitana Loweruka imalipira usiku womwewo. Gombe la Livingstonia lomwe uli nalo pafupilo lakhala likulandira Sand Music Festival ya malemu Lucius Banda, ndipo okonza zoterezi amayang'ana manambala enieni a omvera posankha oyimba.

Za mtsikanayo, dzina wakupatsalo ndi lokoma kuposa lomwe unadzipatsa wekha. Ulipekere nyimbo, koma umulembe pa pepala lija, chifukwa mutuwo ndi wake. Ubwere naye Lamlungu, ndipo usabwere chimanjamanja: ndikufuna chambo, osati linki.

Azakhali ako