Kulera Galu Wamantha

M'mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi galu ndi chiweto chofunika kwambiri. Masana amapirikitsa anyani m'minda ya chimanga, ndipo usiku amauwa fisi akamazemberera khola la mbuzi. Komabe si agalu onse amene amakula mwaufulu pamudzi. Anthu ena amatsekera agalu aakazi m'timakola tothina kuti aziswa ana ogulitsa. Galu wamkazi amatha kutenga bere kawiri pachaka, ndipo amaswa pakatha masiku ngati 63. Akatopa ndi kuswa, eni ake ena amangomutaya.

Galu wotereyu adafika pamudzi wina kufupi ndi Mponela. Adabwera naye ndi bambo wina wogwira ntchito ku Lilongwe, amene adamupempha kwa mwini wake pomva kuti afuna kukamutaya kutchire. Galuyo adali wowonda, nthiti zili pamtunda, ndipo pakhosi padali chipsera cha tcheni. Atangomutsitsa, adapinda mchira nakabisala kunsi kwa nkhokwe.

Mphwake wa bamboyo, mnyamata wa Sitandade 6, adakondwa kwambiri. Adakwawira kunsi kwa nkhokweyo kuti amukoke, koma galuyo posowa kothawira adamuluma padzanja. Agogo ake aamuna adatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka adapita naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Nkhani idamveka mudzi wonse. Anthu adasonkhana atatenga zibonga, namati galuyo ndi wachiwewe, aphedwe basi. Mantha awo sadali opanda pake, pakuti chiwewe chikangoyamba kuoneka mwa munthu sichichizika. Koma mlangizi wa ziweto atafika adati galuyo atsekeredwe payekha kwa masiku 10. Adafotokoza kuti galu amene waluma ali ndi chiwewe m'malovu amadwala kapena kufa m'masiku amenewa. Masiku 10 adatha galuyo ali bwinobwino, ndipo mlangizi uja adamubaya katemera.

"Agogo, nanga adandilumiranji pamene ine ndimafuna kumukonda?" adafunsa mnyamatayo.

"Mdzukulu wanga, dzanja limene galuyu akulidziwa ndi lomenya," adayankha agogowo. "Sadziwa kuti lilipo dzanja losisita. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Kuyambira tsiku limenelo galuyo adamutcha dzina loti Dekhani.

Akatswiri a ziweto amatiuza kuti galu amaphunzira kuzolowera anthu akadali wamng'ono, makamaka kuyambira masabata 3 mpaka 12 chibadwire. Akakula ali wotsekeredwa, osaona ana akusewera, njinga, nkhuku kapena alendo, zinthu zonsezi amaziona ngati adani. N'chifukwa chake amanjenjemera, amagonetsa makutu, amanyambita milomo ndiponso amayang'ana kumbali. Akadzuma amakhala akuchenjeza kuti munthu asayandikire. Kumumenya pa nthawi yotere kumangowonjezera mantha ake.

Agogo aja adayala chiguduli pakhonde la kuseri kwa nyumba, kumene sikudutsa anthu ambiri. M'mawa ndi madzulo mnyamatayo ankaika nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi usipa, pamodzi ndi madzi abwino, kenaka n'kuchokapo. Sabata yoyamba Dekhani ankadya usiku wokha. Sabata yachiwiri mnyamatayo adayamba kukhala pansi chapatali, atapenya kumbali, akusenda nyemba ndi kuyankhula motsitsa mawu. Sankamuyang'ana m'maso, sankamuthamangitsa, ndiponso sankamukhudza akamadya kapena akagona. Ana anzake adawaletsa kumugenda.

Utatha mwezi, Dekhani adayamba kutola usipa umene mnyamatayo ankaponya pafupi ndi mapazi ake. M'mwezi wachitatu, madzulo ena anthu akuotha moto, galuyo adabwera yekha, nanunkhiza dzanja lija adaliluma, nagona pambali pa mnyamatayo. Apo m'pamene adalola kuti amuchotse nkhupakupa m'makutu.

Dekhani sadasanduke galu wolusa kapena wosaka nyama. Mvula ikamagunda ankathawirabe kunsi kwa nkhokwe, ndipo mlendo akafika ankayamba wabisala. Koma adanenepa, ubweya wake udasalala, ndipo usiku ankauwa chinthu chikayandikira khola la mbuzi. Anthu aja ankafuna kumupha adaona okha kuti nthenda yake idali mantha.

M'dziko muno muli anthu amene adadzipereka kuthandiza nyama zozunzika. Bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2008, limachiza agalu otayidwa, kuwapatsa katemera ndi kuwapezera mabanja atsopano. Madokotala a ziweto amathanso kuchita opaleshoni galu wamkazi kuti asaswenso. Amalangizanso kuti mwana wa galu asachotsedwe kwa make asanathe masabata 8. Chaka chilichonse pa 28 September dziko lonse lapansi limakumbukira za kulimbana ndi chiwewe, ndipo akatswiri adapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akabayidwa katemera, nthendayi imaleka kufala.

Ana inu, mukaona galu wachilendo musamugwire kapena kumugenda. Uzani akuluakulu kuti aitane mlangizi wa ziweto. Ngati kwanu mwalandira galu wamantha, mupatseni chakudya, malo abata ndi nthawi yokwanira.

MAFUNSO

1. Tchulani ntchito ziwiri zimene agalu amagwira m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi.
2. Chifukwa chiyani Dekhani adaluma mnyamata uja?
3. Kodi munthu akalumidwa ndi galu ayenera kuchita chiyani?
4. Chifukwa chiyani mlangizi wa ziweto adati galuyo atsekeredwe masiku 10?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene agogo adanena.

NTCHITO

(a) Gwiritsani ntchito mawu awa m'ziganizo zanu: chipsera, kudzuma, chiguduli, kuzemberera.
(b) Funsani makolo anu mayina atatu a agalu a m'mudzi mwanu ndi chifukwa chake adawatcha mayinawo.