Mawu a Munthu Wamba pa Kakonzedwe ka Kompyuta: Phunziro la Ubuntu

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft idathetsa chisamaliro chimene inkapereka nthawi ndi nthawi ku pulogalamu yake ya Windows 10. Makompyuta akale sadazime tsiku limenelo ayi, akuyakabe. Chimene chidasintha n'chakuti mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo sikutsekedwanso monga kale, ndipo makina ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa alibe zipangizo zimene iyo imafuna. Popeza makompyuta ochuluka amene amafika m'masukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'malo otayipira makalata kwathu kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, nkhaniyi ikutikhudza. Njira imodzi yopulumutsira makina otere ndiyo kuikamo pulogalamu ya mtundu wa Linux, imene sigulidwa. Phunziro lino silikunena za kaikidwe kake. Likunena za ufulu umene wogwiritsa ntchito pulogalamu yotere ali nawo, wouza okonza chimene chikumuvuta, ndi zimene zidachitika pamene anthu adaugwiritsa ntchito ufuluwo.

Pulogalamu yosabisa kapangidwe kake

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse: imamva mukadina batani, imaonetsa zilembo pa sikirini, imasunga mafayilo, imalankhula ndi pulinta. Mapulogalamu ena onse, olembera makalata kapena owerengetsera ndalama, amatsamira pa iyo monga denga litsamira pa mzati. Windows ndi imodzi mwa zotere, ndipo malangizo amene adalembedwa poipanga ndi chinsinsi cha kampani. Linux ndi yosiyana: malangizo ake ali poyera, ndipo chilolezo chake chimalola aliyense kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira ena.

Mwambo wofunsa maganizo udayamba pamodzi ndi Linux yomweyo. Mu Ogasiti 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adalengeza kuti akupanga pulogalamu yoyendetsa kompyuta mongodzisangalatsa. Adapempha anthu kuti amuuze zimene akufuna kuti zikhalemo, koma adachenjezeratu kuti sakulonjeza kuchita zonse zimene angamuuze. Mfundo ziwirizi, kuitana maganizo ndi kusalonjeza, zikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo amene aiwala yachiwiriyo ndiye amakhumudwa.

Pa maziko a Linux padamangidwa mitundu yambiri. Wodziwika kwambiri kwa anthu wamba ndi Ubuntu, umene udatuluka koyamba mu Okutobala 2004 mothandizidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa kudzera m'kampani yake ya Canonical. Dzinali si lachilendo m'makutu mwathu, pakuti Azulu ndi Axhosa akati ubuntu akunena chimene ife timati umunthu. Ubuntu watsopano amatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo nambala yake imatchula chaka ndi mwezi: 24.04 ndi wa Epulo 2024. Pa zaka ziwiri zilizonse pamatuluka wina wotchedwa LTS, amene amasamalidwa kwa zaka zisanu. Ameneyu ndiye woyenera sukulu kapena ofesi.

Bokosi la maganizo limene lidasefukira

Mu 2007 kampani yopanga makompyuta ya Dell idatsegula njira yoti makasitomala ake azipereka maganizo ndi kuwavotera. Pempho limene lidamveka kwambiri lidali lakuti igulitse makompyuta okhala kale ndi Linux, ndipo mu Meyi chaka chomwecho Dell idayamba kugulitsa makina a Ubuntu. Poona zimenezi, a Ubuntu nawonso adatsegula bokosi lawo mu Febuluwale 2008 n'kulitcha Brainstorm. Aliyense ankatha kulemba ganizo lake, ena n'kumavota kuti likwere kapena litsike.

Maganizo adabwera ngati dzombe. Koma patapita zaka zisanu, mu Meyi 2013, bokosilo lidatsekedwa. Zifukwa zake n'zofunika kuzilingalira bwino, chifukwa zimapezeka paliponse pamene anthu apemphedwa kuponya maganizo m'bokosi.

Voti silemba pulogalamu. Ganizo likhoza kukondedwa ndi anthu zikwizikwi, koma ngati palibe katswiri amene ali ndi nthawi ndi luso loligwirira ntchito, lingokhala pomwepo. Ndiponso mbali zambiri za Ubuntu sizipangidwa ndi a Ubuntu. Maonekedwe a pa sikirini amachokera ku gulu la GNOME, msakatuli wa intaneti wa Firefox amachokera ku Mozilla, ndipo mapulogalamu ochuluka amadzera ku Debian, gulu la anthu ongodzipereka limene lidayamba mu 1993. Munthu amene adadandaulira Ubuntu za chinthu cha GNOME adali ngati wokasuma mlandu wa munda kwa mfumu ya mudzi wina: amumvera mwaulemu, koma chigamulo sichingachokere kumeneko.

Pali chifukwa chinanso chimene ine ndimachiona kuti n'cholemera kuposa zinazo. Ovota adali anthu amene ali ndi intaneti yosadukaduka, odziwa Chingelezi, okonda kale makompyuta. Mphunzitsi wa kumudzi amene magetsi amamuthimira pakati pa ntchito, kapena mayi wotayipa makalata amene amawerengera bandulo yake ya intaneti ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi, sankapezeka pa chisankho chimenecho. Ubuntu woyamba ankakwana pa CD imodzi, ndipo mpaka 2011 kampani inkatumiza ma CD aulere pa positi kwa aliyense wopempha. Ubuntu wa 24.04 amaposa magigabayiti 5. Kwa wokhala ku London kukula kumeneku si kanthu; kwa wogula bandulo ndi ndalama zenizeni. Dandaulo lotere silimveka ngati eni ake sakulinena.

Tizilonda zana

Njira imene idabala zipatso zooneka idali yocheperako. Mu 2009, pokonzekera Ubuntu 9.10, gulu loona za maonekedwe lidayambitsa ntchito yotchedwa One Hundred Paper Cuts. Dzinali likunena za kachilonda kamene pepala limacheka pa chala: sikapha munthu, koma tikachuluka dzanja silikugwiranso ntchito. Adapempha anthu kuti atchule tizovuta ting'onoting'ono, ndipo adaika malire omveka. Kavutoko kakhale kamene munthu wamba angakumane nako tsiku loyamba kugwiritsa ntchito Ubuntu, ndiponso kakhale kosavuta kukonza. Mawu osokoneza pa batani, uthenga wochenjeza umene sukunena chochita, chinthu chimene chabisika pamalo posayembekezeka: zoterezi ndizo zinkafunika.

Apa wodziwa zochepa ndiye adali ndi mwayi. Katswiri amene wakhala zaka khumi akulambalala dzenje lomwelo saliwonanso, koma wobwera kumene amagweramo n'kufuula. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Choncho musadzipeputse poganiza kuti simudaphunzire za makompyuta. Chimene chakusokonezani inu pa tsiku loyamba ndi umboni umene wokonza sangaupeze payekha.

Pamene eni ake akana kumva

Tisanamizane kuti mawu a anthu amapambana nthawi zonse. Mu 2010, pokonza Ubuntu 10.04, a Canonical adasamutsa timabatani totsekera ndi kukulitsira windo kuchoka kudzanja lamanja kupita kumanzere. Anthu ambiri adakwiya, ndipo Shuttleworth adawayankha poyera kuti ntchitoyi si demokalase: maganizo ndi umboni n'zolandiridwa, koma zosankha za kamangidwe siziponyeredwa voti. Timabatanito tidakhala kumanzere zaka zisanu ndi ziwiri.

Mu Epulo 2011 adasinthanso maonekedwe onse a pa sikirini n'kuika atsopano otchedwa Unity, mwezi womwewo umene gulu la GNOME lidatulutsa GNOME 3, yosiyana kwambiri ndi imene anthu adazolowera. Kenaka mu Okutobala 2012, Ubuntu 12.10 adayamba kutumiza pa intaneti mawu amene munthu walemba pofufuza zinthu m'kompyuta yake, n'kumuonetsa katundu wogulitsidwa ku Amazon. Bungwe loteteza ufulu wa anthu pa intaneti la Electronic Frontier Foundation lidadzudzula zimenezi, ndipo Richard Stallman, amene adayambitsa ntchito ya GNU mu 1983, adati uku n'kuzonda anthu. Padatenga nthawi mpaka Epulo 2016 kuti Ubuntu azituluka njira imeneyi ili yozimitsa. Mu Epulo 2017 Shuttleworth adalengeza kuti Unity akusiyidwa ndipo Ubuntu abwerera ku GNOME. Mu Okutobala chaka chimenecho timabatani tija tidabwereranso kumanja. Si madandaulo okha amene adachititsa izi, pakuti kampaniyo idawerengeranso ndalama zake, koma madandaulowo adali pa sikelo.

Chosiyanitsa chachikulu ndi pulogalamu yogula chili apa: osakhutira sadangodikira. Popeza malangizo ali poyera, ena adatenga GNOME yakale mu 2011 n'kupitiriza kuisamalira pansi pa dzina la MATE. Gulu la Linux Mint, lotsogozedwa ndi Clement Lefebvre, lidapanga maonekedwe akeake otchedwa Cinnamon, ofanana ndi amene wozolowera Windows amawadziwa. Pofika 2015, Ubuntu MATE adalandiridwa kukhala mmodzi mwa mitundu yovomerezeka ya Ubuntu. Amene adachoka pa mudzi mokwiya adamanga mudzi wawo, ndipo pambuyo pake mfumu idawazindikira.

Nthawi zina kuchedwako sikuchokera pa kukana. Mu 2004 munthu wina adapempha a GNOME kuti posankha fayilo, zithunzi zizioneka tating'onoting'ono m'mizere kuti munthu asamalote potengera dzina lokha. Palibe amene ankatsutsa kuti ganizoli n'labwino, koma kulikwaniritsa kunkafuna kumanganso zigawo za pansi. Lidatheka mu GNOME 44, mu Malichi 2023, patapita zaka zoposa 18. Kuona maso a nkhono n'kudekha, komabe zaka 18 n'zambiri, ndipo amene ankadandaula za kuchedwaku sankalakwa.

Kalembedwe ka dandaulo lomveka

Okonza amasiyanitsa zinthu ziwiri. Cholakwika ndi pamene pulogalamu ikulephera kuchita chimene idapangidwira, monga pulinta kutulutsa pepala lopanda kanthu. Pempho ndi pamene mukufuna chinthu chimene sichidakhalepo. Cholakwika chimathamangiridwa msanga. Pempho limafuna kuti mukope mitima.

Musanalembe, fufuzani ngati chimene mukufunacho chilipo kale. Tengani chitsanzo cha chilembo cha ŵ, chimene ena amachilemba m'mawu monga Malaŵi. Pa kiyibodi palibe batani lake, ndipo munthu akhoza kufulumira kudandaula kuti Ubuntu sadziwa chilankhulo chathu. Koma mukadina pamodzi Ctrl, Shift ndi U, kenaka n'kulemba 0175 ndi kudina Enter, chilembocho chimatuluka m'mapulogalamu ambiri a Ubuntu. Chachikulu chake ndi 0174. Dandaulo loona pamenepa si lakuti chilembo palibe, koma lakuti njira yochipezera ndi yobisika kwa wongoyamba kumene. Limeneli ndi kachilonda ka pepala kenikeni.

Mukatsimikiza kuti vuto lilipodi, nenani zimene zidachitika mwatsatanetsatane, monga mboni pa bwalo la milandu: mudadina chiyani choyamba, chiyani chachiwiri, mumayembekezera kuona chiyani, ndipo mudaona chiyani. Tchulani nambala ya Ubuntu wanu ndi mtundu wa kompyuta. Mawu akuti “sikugwira ntchito” sathandiza aliyense, chifukwa wokonza sangachize matenda amene sangathe kuwaonanso pa makina ake. Ubuntu ali ndi chida chothandiza pa zimenezi: lamulo lakuti ubuntu-bug, lotsatidwa ndi dzina la pulogalamu yovutayo, limasonkhanitsa lokha zofunika za makina anu n'kuzitumiza ku Launchpad, kaundula amene madandaulo a Ubuntu amasungidwamo. Mukapeza kuti wina adalemba kale vuto lomwelo, musatsegule lina. Pali posonyeza kuti inunso likukukhudzani, ndipo chiwerengero chimenecho okonza amachiona.

Dandaulo limodzi likhale ndi nkhani imodzi. Pa pempho, fotokozani vuto lanu musanatchule mankhwala amene mukuganiza, pakuti mwina wokonza akudziwa njira yachidule kuposa yanu. Kunena kuti ana 40 amagwiritsa ntchito kompyuta imodzi yopanda intaneti, ndipo pulogalamu yakutiyakuti imakana kutseguka popanda intaneti, kumamveka kuposa kungolamula kuti asinthe. Samalaninso kuti pa chithunzi chimene mukutumiza pasaoneke mayina a ana asukulu, a odwala kapena nambala za anthu, chifukwa kaundulayo amawerengedwa ndi dziko lonse.

Madandaulo ambiri amalembedwa m'Chingelezi, ndipo ichi ndi chopinga chenicheni kwa ambiri a ife. Chingelezi chothyokathyoka sichikanidwa ngati mfundo zake zili zomveka, ndipo amene sangathe akhoza kupempha mphunzitsi kapena wachinyamata wodziwa kuti amulembere. Kumbukirani kuti ambiri mwa oyankhawo ndi ongodzipereka amene amagwira ntchitoyi akaweruka kwina, motero mwano umangotseka khomo. Akakufunsani funso patapita sabata, yankhani. Madandaulo osayankhidwa amatsekedwa okha pakapita nthawi.

Ntchito ina imene sifuna luso la makompyuta ndiyo yomasulira. Mawu a pa mabatani ndi mauthenga a Ubuntu amamasuliridwa m'zilankhulo zosiyanasiyana ndi anthu ongodzipereka kudzera ku Launchpad komweko, ndipo Chichewa chimadziwika m'makompyuta ndi chizindikiro chakuti ny. Wotembenuza amaonetsedwa chiganizo chimodzi cha Chingelezi, iye n'kulemba chake pansi pake, ndipo anzake a chilankhulo chomwecho amachiunika chisanalowe mu Ubuntu wotsatira.