Makalata Anu: Kodi Lamulo Lingachize Chibaba?

Sabata ino makalata atatu agwera pa nkhani imodzi, ngakhale olemba ake sakudziwana, choncho ndiwayankha motsatana.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina, namwino amene akugwira ntchito ku America. Akuti: "Kuno aphungu akhala akukhazikitsa malamulo olimbana ndi mankhwala a opioid kwa zaka zambiri, koma anthu ankangofabe. Kodi lamulo lili ndi phindu lanji pa matenda?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndafotokozera anzathu amene mawuwa akuwamva koyamba. Ma opioid ndi banja la mankhwala opha ululu monga morphine, codeine, tramadol, oxycodone ndi fentanyl, ndipo heroin nayenso ndi wa m'banja lomweli. Ululu amauthetsadi, koma thupi limawazolowera, ndipo akachuluka amafooketsa kupuma mpaka munthu kutsirizika ali m'tulo. Ku America moto unabuka pamene kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mapiritsi a OxyContin mu 1996, ikuuza madokotala kuti n'zosowa kuti wodwala awazolowere. Mu 2007 inavomera mlandu wonamiza anthu n'kulipira chindapusa choposa madola 600 miliyoni, koma madzi anali atatayika kale. Boma litayamba kuthina mapiritsi, omwe chibaba chinali chitawagwira anatembenukira kwa ogulitsa heroin, kenaka kunabwera fentanyl wopangidwa mobisa, amene mphamvu yake imaposa ya heroin pafupifupi ka 50. Mu 2022 mokha, anthu oposa 100,000 anafa ndi mankhwala opyola muyezo, ambiri mwa iwo ndi ma opioid.

Tsono phindu la lamulo lili pati? Lili pa chitseko cha chipatala, mayi, pakuti lamulo ndilo limanena amene angalowe ndi amene angapereke mankhwala. Taonani zomwe America inadzichita yokha. Lamulo la mu 2000 linalola madokotala kulembera odwala chibaba mankhwala a buprenorphine, koma dokotala ankayenera kuchita kaye maphunziro a maola 8, kupempha chiphaso chapadera, ndipo sankaloledwa kuthandiza odwala oposa 30. Dokotala yemweyo ankatha kulembera OxyContin anthu mazanamazana popanda chiphaso chowonjezera chilichonse. Choyambitsa matenda chinali pa mseu waukulu, chochiza chili kuseri kwa mpanda. Malamulo otsatira akhala akugumula mpandawo pang'onopang'ono. La CARA, limene Barack Obama anasainira mu 2016, linalola anamwino a maphunziro apamwamba kulemba buprenorphine. Chaka chomwecho lamulo la 21st Century Cures linapereka madola 1 biliyoni ku zigawo za dzikolo. La SUPPORT, losainidwa ndi Donald Trump mu 2018, linalamula kuti Medicaid, thumba lolipirira chipatala anthu osauka, lizilipira mankhwala ochizira chibaba. Chiphaso chapadera chija chinathetsedwa kumapeto kwa 2022, patatha zaka 22. Mu 2023 naloxone wopopera m'mphuno, wotsitsimutsa munthu amene wapyola muyezo wa ma opioid, anayamba kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Kamtsuko kake n'kochepa, kokwana m'chikhatho: mukapeza munthu wakomoka, milomo yada, akupuma mwa apo ndi apo, mumamugoneka chagada, kulowetsa kansonga m'mphuno imodzi n'kukanikiza, ndipo pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu mpweya umabwerera. Imfa zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi mu 2024. Zothandiza zinalipo zingapo, kuphatikizapo kusintha kwa msika wa fentanyl, koma chowonekeratu n'chakuti zaka zimene anthu ankafa kwambiri ndi zaka zomwe fentanyl ankathamanga pamene aphungu ankayenda ngati nanzikambe.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa kwathu kuno amene akukhala ku Johannesburg. Akuti: "Ndimaona anyamata a nyaope m'misewu tsiku ndi tsiku. Kumupatsa munthu wotere methadone si kumuchotsa pa kachasu n'kumuika pa masese? Bwanji osangowatsekera mpaka chibabacho chiwathere?"

Bambo, funso lanu ndi lomwe aphungu ambiri a ku America ankafunsa, ndipo ndilo linachedwetsa malamulo aja. M'nyaope muli heroin, choncho nkhani yake ndi yomweyi. Heroin amakwera msanga m'mutu n'kutsikanso msanga, ndiye pakangopita maola ochepa munthu ayamba thukuta, kutsekula m'mimba, mafupa kuphwanya, ndipo tsiku lake lonse limathera posaka ndalama ya fodya wotsatira. Methadone amamwa kamodzi m'mawa, kachikho kamodzi pamaso pa namwino, ndipo amagwira tsiku lonse mofatsa. Buprenorphine amaika pansi pa lilime kuti asungunuke, ndipo mphamvu yake ili ndi malire, kotero kuti n'kovuta kuti aimitse kupuma. Munthu wa pa muyezo woyenera saledzera, amatha kupita ku ntchito, kulera ana, kumwa ma ARV ake pa nthawi. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti amene ali pa mankhwala awiriwa chiopsezo chawo cha imfa chimatsika ndi theka kapena kuposerapo. Kodi wodwala shuga amene amabaya insulin tsiku lililonse timamunena kuti ndi kapolo wa jakisoni?

Za ndende, yankho lake n'lowawa. Munthu akakhala m'ndende miyezi ingapo thupi limaiwala muyezo wakale, koma chibaba sichiiwala. Akatuluka amatenga mlingo womwe ankatenga kale, ndipo umamupha. Kafukufuku wa m'chigawo cha Washington ku America, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti m'masabata awiri oyamba atatuluka, akaidi anali pa chiopsezo chofa ndi mankhwala choposa cha anthu ena koposa ka 100. Ndikudziwa kuti ena anditchulira chigawo cha Oregon ku America komweko, chimene mu 2020 chinavota kuti munthu wopezeka ndi mankhwala ochepa asamaimbidwe mlandu, n'kubweza ganizolo mu 2024 anthu atatopa ndi zochitika m'misewu ya Portland. Akunena zoona, ndipo sindingazibise. Koma Oregon inachotsa wapolisi zipatala zisanakonzeke, ndalama zothandizira odwala zinachedwa kufika, ndipo fentanyl analowa nthawi yomweyo. Dziko la Portugal linachita zofananako mu 2001, koma wogwidwa amakaonekera ku komiti imene imamulozera ku chithandizo chomwe chilipo kale, ndipo kufala kwa HIV pakati pa odzibaya mankhwala kunatsika kwambiri. Pafupi pompano, Tanzania inatsegula chipatala cha methadone ku Muhimbili mu Dar es Salaam mu 2011. Ogulitsa fentanyl ndi heroin, amenewo lamulo liwakanthe ndithu. Wodwala ndiye asowa namwino.

Yachitatu yandikhudza. Mayi wina wa ku Salima akusamalira mayi awo odwala khansa, ndipo akuti: "Achipatala atipatsa morphine wamadzi, koma nditamva za ku America ndikuopa kuwamwetsa. Kodi boma lathu lisangoletsa mankhwala amenewa?"

Ayi mayi, musawamane, ndipo boma lisaletse. Vuto la America linali kusefukira kwa mapiritsi. Lathu kuno ndi kusowa, pakuti odwala khansa ambiri m'midzi mwathu amatsirizika akubuula popanda dontho la morphine. Ngakhale ku America komweko kuthina mopanda nzeru kunavulaza anthu. Bungwe la boma loona za matenda la CDC litatulutsa malangizo ochepetsa kalembedwe ka ma opioid mu 2016, madokotala ena anangodula mwadzidzidzi mankhwala a odwala ululu wa nthawi yaitali, ena mwa odwalawo n'kupita kukagula a mumsewu, ndipo mu 2022 bungwelo linalembanso malangizowo. Phunziro loyenera ife lili ku Uganda, kumene mu 2004 anasintha lamulo kuti anamwino ophunzitsidwa azilemba morphine wamadzi, chifukwa madokotala ndi ochepa ndipo odwala ali kutali. Pofunika maso ndi pa tramadol ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene amagulitsidwa mwachisawawa. Nigeria inaletsa mankhwala a chifuwa oterewa mu 2018 achinyamata ataonongeka nawo.

Inuyo mayi, muziyeza ndi kasirinji kamene anakupatsani, pa maola omwe namwino analemba, osadikira kuti ululu uyambe wabwerera. Botolo muziliika pamalo okhoma, kutali ndi ana ndi alendo. Morphine amaumitsa m'mimba, choncho pemphani mankhwala ofewetsa chimbudzi. Mukaona agogo akugona mopitirira, osadzuka mukawagwedeza, kapena akupuma mwa patalipatali, musawapatse wina, thamangani nawo kuchipatala. Wotsala mukabweze komwe munatenga.

Nthawi yatithera. Makalata a za fodya wamkulu ndawasunga, tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa.