Kodi dziko la Minecraft lifufutidwe?

Funso: Wowerenga wa ku Area 10 mu Lilongwe, yemwe amayang'anira seva ya Minecraft imene amasewerapo ndi anzake, akufunsa ngati n'koyenera kufufuta dziko lawo n'kuyamba latsopano, popeza ena akuti latopetsa pomwe ena akukana kutaya nyumba zimene anamanga.

Yankho: Seva ndi kompyuta imene imasunga dziko la masewerawa kuti anthu angapo alowemo nthawi imodzi kudzera pa intaneti. Minecraft imapanga malo m'zigawo zotchedwa chunk, za mabuloko 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, pokhapokha wosewera akayandikirako koyamba, choncho zambiri zimene kampani ya Mojang imawonjezera, monga mapiri ataliatali amene anabwera ndi mtundu wa 1.18 mu November 2021, zimapezeka kumalo kumene sikunapondedwe, ndipo pafupi ndi mudzi wa osewera pamakhalabe monga kale, miyala ya dayamondi itakumbidwa kale.

Komabe vutoli silifuna kufufuta zonse, chifukwa woyang'anira akhoza kuchotsa zigawo zopanda chomangidwa kuti zipangidwenso, kapena kufufuta Nether ndi End zokha, amene ndi maiko awiri apadera a m'masewerawa. Amene amafuula kwambiri kuti dziko lifufutidwe kawirikawiri ndi amene sanamange kanthu.

Ngati ambiri agwirizanadi zofufuta dziko lonse, seva iyambe yazimitsidwa, foda ya dzikolo ikopedwe pa fulashi, aliyense alandire kope lake, ndipo tsiku lofufuta lilengezedwe kudakali sabata. Popanda kope limenelo, dzikolo lisakhudzidwe.